NKHOKWE YA MADZI PAKHOMO PANU

Palibe mlimi wanzeru kuno ku Dowa kapena ku Ntchisi amene amamaliza chimanga chake chonse atangokolola. Amachiika m'nkhokwe kapena m'matumba, chifukwa adziwa kuti Januwale ndi Febuluwale ali m'njira. Koma ndikamayendera midzi yozungulira Madisi ndi kufunsa kuti, "Kodi mjigo wanu utafa madzulo ano, madzi amene ali m'nyumbamu angakufikitseni liti?" ambiri amayankha kuti, "Mawa m'mawa basi." Chonsecho munthu angathe kupirira njala kwa milungu ingapo, koma ludzu sangalipirire kupyola masiku owerengeka. Phunziro lathu mwezi uno ndi lakuti banja lililonse likhale ndi madzi abwino osunga, okwanira masiku atatu.

Kodi madzi angasowe bwanji kwathu kuno?

Ena amaganiza kuti ngozi za madzi ndi za anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje okha, popeza ife tili kumtunda. Nzoona kuti namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, adasakaza makamaka chigawo cha kummwera. Koma ngakhale kumapiri kuno madzi akumwa amasowa, ndipo amasowa m'njira zinayi.

Poyamba, mjigo umafa. Timalabala ta m'kati mwake timatha, zitsulo zimathyoka. Kuti komiti ya mjigo isonkhetse ndalama, itume munthu ku Mponela kapena ku Lilongwe kukagula zipangizo, ndi kupeza wokonza, papita masiku.

Kachiwiri, mvula yamphamvu imagwetsa zimbudzi kapena kuzisefukiritsa. Madzi othamanga amakokolola chimbudzi cha anthu ndi ndowe za ziweto nakathira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'madambo. Nthawi imeneyo madzi amakhala ponseponse, koma akumwa palibe.

Kachitatu, ng'amba. M'mwezi wa Malichi 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a m'dziko muno agwa m'ngozi chifukwa cha kusowa kwa mvula. Mvula ikachepa zitsime zimaphwa msanga, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala midzi ingapo imadalira mjigo umodzi.

Kachinayi, a m'matauni amene mumatunga pampopi musadzinamize. Madzi a m'mipopi amapopedwa ndi makina oyendera magetsi. M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, ndipo magetsi adavuta m'dziko lonse kwa nthawi yaitali. Mvula yogwa kutali ingathe kuumitsa mpopi wa pakhomo panu.

Masiku oyamba ndiwo oopsa

Chaka china m'dzinja ndidaitanidwa kumudzi wina kum'mawa kwa Madisi. Mjigo wao udafa Lachisanu. Loweruka m'mawa amayi adatsikira kudambo ndi ndowa zao, poti kunalibenso kwina kotunga. Madziwo ankaoneka oyera ndithu, koma paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sabata isanathe ana angapo adayamba kutsekula m'mimba. Mayi wina adali ndi paketi ya Thanzi m'nyumba, koma mwana atadwala usiku adaopa kusungunula mankhwalawo m'madzi a kudambo, ndipo nkhuni zidali zonyowa. Adadikira kuti kuche. Mwanayo adafika kuchipatala maso atalowa m'kati, ndipo adapulumuka movutikira. Mjigo udakonzedwa patapita masiku owerengeka okha. Banja lija likadakhala ndi zigubu zitatu za madzi abwino, silikadatsikira kudambo.

Matenda oyenda m'madzi ndi kolera, kamwazi, taifodi ndi kutsekula m'mimba kwa ana. Kolera idalowa m'dziko muno koyamba m'chaka cha 1973. Mliri woopsa kuposa yonse udayambira ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa, ndipo udafalikira m'maboma onse. Anthu oposa 58,000 adadwala, oposa 1,700 adamwalira. Kolera ingathe kupha munthu wamkulu m'maola ochepa chabe, chifukwa imatha madzi m'thupi.

Tisunge madzi ochuluka bwanji?

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pa nthawi ya ngozi munthu mmodzi afunika malita 7.5 patsiku pang'ono penipeni, akumwa, ophikira ndi osamba m'manja. Tiyeni tiwerengere banja la anthu 6. Patsiku lifunika malita 45, pamasiku atatu malita 135. Chigubu chimodzi chachikulu chimalowa malita 20, choncho zifunika zigubu 7.

Ndidziwa kuti si banja lililonse lingathe kugula zigubu 7 nthawi imodzi. Yambani ndi madzi akumwa okha: malita 3 munthu aliyense patsiku. Banja la anthu 6 lifunika malita 54 pamasiku atatu, ndiye kuti zigubu 3. Mukagulitsa fodya, soya kapena mtedza, onjezani chigubu chimodzi kapena ziwiri kufikira zitakwana. Pakhomo pamene pali mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa kapena wodwala, madzi achulukepo.

Chosungiramo chake

Chigubu cha kukamwa kwakung'ono, chokhala ndi chitsekerero chothina, ndicho chabwino koposa, chifukwa dzanja kapena kapu sizingalowemo. Ndowa ya chivindikiro yokhala ndi kampopi mmunsi ndi yabwinonso. Mtsuko umaziziritsa madzi bwino, koma kukamwa kwake nkwakukulu. Ngati mugwiritsa ntchito mtsuko, uvindikireni nthawi zonse, ndipo pakhale chikho chimodzi cha mpini wautali chotungira, chopachikidwa pamwamba. Chikhocho chisakhale chomwera.

Chenjezo lalikulu kwa ife alimi ndi ili: musasungire madzi m'chigubu kapena mumgolo mmene mudakhalapo mankhwala a fodya, mankhwala ophera mbozi kapena udzu, petulo, dizilo kapena palafini. Poizoni amalowerera m'pulasitiki, ndipo ngakhale mutatsuka kangati sachoka yense. Chigubu cha mafuta ophikira chingathe kugwira ntchito mutachitsuka bwino ndi sopo ndi madzi otentha.

Kuteteza madzi

1. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani chigubu m'kati ndi kunja, pamodzi ndi chitsekerero chake.

2. Tungani pamalo abwino koposa amene mungapeze, monga pamjigo kapena pampopi. Musaike masamba pamwamba pa ndowa poletsa madzi kukhavukira, ndipo zala zisalowe m'madzi posenza.

3. Ngati madziwo ndi amatope, adikheni kaye, kenaka asefeni ndi kansalu koyera. Kolorini sagwira bwino ntchito m'madzi amatope.

4. Thirani kolorini. WaterGuard amathiridwa kachitsekerero kamodzi ka botolo lake m'malita 20 a madzi oyera. Kolorini amene amagawa alangizi a zaumoyo ali ndi muyeso wake; tsatani umene mlangizi wakuuzani, musachite kuyerekeza ndi maso. Tsekani chigubu, chikhutchumuleni, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Kafungo kakang'ono ka kolorini ndi chizindikiro chakuti madziwo ndi otetezedwa.

5. Ngati kolorini palibe, wiritsani madzi mpaka abwate kwambiri kwa mphindi imodzi yathunthu. Azizire ali chivindikirire, kenaka athireni m'chigubu chotsuka.

Madzi a mvula a padenga la malata ndi thandizo lalikulu m'dzinja. Koma lolani kuti mvula iyambe yatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame musanatchere ndowa, ndipo madzi amenewanso muwathire kolorini kapena kuwawiritsa.

Kusunga ndi kusinthanitsa

Ikani zigubu m'nyumba, pamthunzi, pakathandala kapena panjerwa kuti zisagunde pansi. Zikhale kutali ndi feteleza, mankhwala a mbewu, nkhuku ndi agalu. Mgolo kapena ndowa yaikulu isakhale yosavindikira, chifukwa mwana wokwawa angathe kugweramo chamutu ndi kumira m'madzi ochepa, ndiponso udzudzu umaswana m'madzi oima.

Madzi osunga sasungidwa ngati chuma chokwirira. Mphamvu ya kolorini imachepa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Tsono chitani motere: lembani manambala pazigubu zanu, 1, 2, 3. Imwani za chigubu choyamba. Chikatha chitsukeni, chidzazeni, thirani kolorini, ndi kuchiika kumapeto kwa mzere. Potero madzi sakhalitsa, komanso nthawi zonse m'nyumba muli zigubu zodzaza. Madzi amene akhala sabata yathunthu athireninso kolorini kapena awiritseni musanamwe. Lamulo la pakhomo likhale lakuti chigubu chikatha chidzazidwe tsiku lomwelo, osati mawa. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Madzi anu ndi amene ali m'nyumba, a pamjigo ndi a mudzi wonse.

Ntchito imeneyi isasiyidwire amayi okha. Abambo amene muli ndi njinga kapena ngolo, kudzaza zigubu 7 ndi ulendo umodzi kapena iwiri kwa inu, pamene kwa mayi wosenza pamutu ndi maulendo 7.

Tsiku la vuto likafika

Madzi osungawo akhale akumwa, ophikira ndi osamba m'manja poyamba. Zochapa ndi zokolopa zidikire, kapena tungirani madzi ena. Musaleke kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, musanakonze chakudya ndi musanadye; mpondagiya amathandiza kuti madzi ochepa akwanire anthu ambiri. Dziwitsani a mfumu, komiti ya mjigo ndi mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo, kuti kukonza kuyambe madzi anu asanathe.

Wina akayamba kutsekula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi abwino ndi kuyamba kummwetsa nthawi yomweyo, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ngakhale madzi otetezedwa atakutherani, musadikire kuti kuche monga adachitira mayi uja: gwiritsani ntchito madzi oyera koposa amene muli nawo, chifukwa chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Ngati chimbudzi chili chamadzi ngati otsukira mpunga, kapena wodwala akusanza ndi kufooka, thamangirani naye kuchipatala, mukummwetsa njira yonse.

Mafunso okambirana podikira kuonana ndi adokotala

1. Pakhomo panu mulipo angati, ndipo mufunika zigubu zingati kuti madzi akumwa akwane masiku atatu?

2. Zigubu zimene muli nazo tsopano, mudali chiyani m'kati mwake poyamba?

3. Mjigo wa m'mudzi mwanu utafa lero, komiti ili ndi ndalama zogulira zipangizo?

Musanachoke pachipatala lero, funsani mlangizi wa zaumoyo za kolorini ndi muyeso wake, ndipo tengani paketi ya Thanzi yosunga. Mukafika kunyumba, werengani zigubu zanu.