Kakonzedwe ka Kapepala Kotsogolera Banja ku Nyumba ya Zakale

 Lero pa wailesi pano ndikulankhula makamaka ndi aphunzitsi, akuluampingo ndi atsogoleri a magulu a achinyamata a kuno ku Furancungo, m'midzi ya Macanga ndi ku Tsangano, inu amene fodya akagulitsidwa mumasonkhetsa makolo ndalama ya galimoto kuti ana akaoneko malo.

Nyumba ya zakale imene imakamba za ife eni ake ili tsidya lina la malire, ku Mua m'boma la Dedza. Mukadutsa ku Domwe ndi ku Ulongwe n'kuolokera pa Calomue, mumatsetsereka phiri ndi msewu wa Golomoti. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegulapo malo a zachikhalidwe otchedwa Kungoni. Mkati mwake muli myuziyamu ya Chamare, ya zipinda zitatu, yofotokoza mbiri ya mishoniyo ndi moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao. Zilombo za gule wamkulu zilimo zoposa 400.

Nanga banja likafika pamalo otere limatani? Ana amathamanga chipinda ndi chipinda, pasanathe mphindi khumi atuluka, akufunsa za mandasi. Bambo amayesa kuwerenga zolemba zonse za pakhoma mpaka khosi kuwawa. Agogo, amene amadziwa zinthuzo kuposa onse, amakhala chete kumbuyo chifukwa palibe wawafunsa. Kapepala kamene tikuphunzira kukonza lero ntchito yake ndi yakuti mwana ayime, ayang'anitsitse chinthu, kenako atembenuke n'kufunsa wamkulu amene wabwera naye. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musakonze kapepalaka muli kunyumba. Pitani kaye nokha ndi kope, muyende m'zipinda momwe alendo amayendera, ndipo mupemphe oyang'anira malowo chilolezo. Mukayima pa chinthu chimene chakukopani, gwadani. Inde, aphunzitsi, gwadani ndithu, kuti maso anu afanane ndi a mwana wa zaka 7. Zambiri zimene inu mumaziona muli chiimire, mwana amangoona tsinde la shelefu. Sankhani zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi basi, zotalikirana, kuti mabanja asadzaunjikane pakona imodzi. Mtima udzafuna kuika zonse. Ukanizeni.

Tsono pa mafunso ndi pamene ambiri timaterereka, makamaka ife aphunzitsi, chifukwa dzanja linazolowera kulemba mayeso. Mukalemba kuti "Mishoni ya Mua inayamba chaka chanji?", mwana adzasaka nambala pakhoma, akopere, n'kuthamangira kwina. Waona chiyani? Palibe. Funso labwino ndi limene yankho lake lili pa chinthucho. Tiyerekeze kuti mwaima pa chishango cha Angoni. Lembani kuti: "Yang'ana chishangochi. Chapangidwa ndi chikopa cha nyama yanji? Chili ndi mawanga amtundu wanji? Jambula m'bokosili mmene timizere tapakati tadutsira." Pansi pake onjezani mzere wina: "Funsa agogo kapena amalume ngati anaonapo munthu akuvina ngoma ndi chishango chotere, ndipo kunali kuti." Mwana wa ku Tsangano akafunsa zimenezi, mudzaona nkhalamba ikuwongola msana, mwina n'kuponda pansi kamodzi kusonyeza mapondedwe ake. Zimenezo sizinalembedwe pakhoma lililonse.

Sinthasinthani zochita. Pena awerenge mikanda kapena nthenga, pena apeze chinthu chofanana ndi chimene chili kunyumba kwawo, monga mtondo, lichero kapena chipanda, n'kunena kusiyana kwake. Pakhale chimodzi chosafuna kulemba n'komwe, choti kamwana kosayamba sukulu kangoloza ndi chala. Ndipo ine ndimalimbikira kuti kapepala kakhale kamodzi pa banja, pensulonso imodzi. Mukapatsa mwana aliyense kake, aliyense amawerama payekha ngati ali m'kalasi. Kakakhala kamodzi, wina awerenga, wina ajambula, amayi ayankha, ndipo amene sadziwa kuwerenga sachita manyazi.

Tifike pa nkhani yofuna kusamala. Gule wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Mozambique, Malawi ndi Zambia, koma zimenezo sizinatsegule dambwe. M'banja limodzi mumakhala ometa ndi osameta, anamwali ovinidwa ndi ana aang'ono. Funso lonena za kapangidwe ka chilombo, kapena za zimene zimachitika kudambwe ndi kutsimba, lisapezeke pa kapepala kanu, monganso ine sindingalitchule pa wailesi pano. Funsani zimene aliyense amaona pabwalo masana: Kasiyamaliro amatuluka pa mwambo wanji, Simoni ndi nkhope yake yofiira amaseketsa anthu chifukwa chiyani, ng'oma zikalira amayi amayankha bwanji. Mukamaliza kulemba, kapepalako kawerengereni a mfumu, wakunjira ndi anamkungwi. Akati apa chotsani, chotsani osatsutsa. Dziwaninso kuti mipingo ina silola anthu ake kuyandikira za gule, choncho konzani kuti banja lotere likadumpha chipinda cha gule lipezebe zochita zokwanira. Za kujambula zithunzi ndi foni, funsani eni malo, ndipo yankho lawo mulilembe patsamba loyamba.

Chilankhulo chikhale Chinyanja chathu cha pakhomo, ziganizo zifupizifupi. Ana ambiri kuno anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ndiye sikulakwa kuika mzere wa Chipwitikizi pansi pa funso lililonse ndi zilembo zocheperapo. Kungoti malo amachepa, ndipo n'chifukwa chinanso chochepetsera mafunso.

Za kusindikiza n'zosavuta. Tengani pepala limodzi la A4, muligoneke cham'mbali, mulipinde pakati: mwapeza masamba anayi. Chenjerani ndi kasanjidwe kake. Kunja kwa pepala, tsamba 4 limakhala kumanzere, tsamba 1 kumanja. Mkati ndi mmene muli 2 ndi 3. Pindani kaye pepala lopanda kanthu, mulembe manambala, mulitambasule, muone nokha musanakhale pa kompyuta. Zithunzi za kamera zisiyeni, chifukwa makina a fotokope amazisandutsa chibanthu chakuda bii. Pezani wachinyamata waluso ajambule ndi cholembera chakuda, mizere yokhuthala. Zilembo zikhale zazikulu, poti m'nyumba zoterezi kuwala kumachepa ndipo maso a akulu anatopa. Mabokosi ojambulamo akhale aakulu ngati chikhatho. Patsamba loyamba ikani kamapu kosonyeza khomo, zipinda ndi manambala a poima. Dulani makatoni akale, mulimbitsirepo pepala ndi chopanira zovala kuti mwana asatsamize pepala pa galasi kapena pa chosema. Pensulo yokha, bolopeni ikathimbirira pa chikopa chakale sichoka.

Njira yomweyi imagwiranso ku Chongoni, kufupi ndi tawuni ya Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula pa miyala, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Kuli zofiira za Akafula, zozungulirazungulira ndi timizere, ndi zoyera za Achewa. Pa Chentcherere kapena pa Namzeze palibe galasi lotchinga, choncho mawu oyamba pa kapepala, a zilembo zikuluzikulu, akhale akuti: osakhudza, osathira madzi kuti zioneke bwino, osalemba dzina ndi makala. Kumeneko musauze mwana tanthauzo la chojambula ngati kuti munalipo. Muuzeni awerenge mizere, akopere mawonekedwe ake papepala, anene yekha chimene akuganiza. Zina mwa zoyerazo zimakhudza chinamwali ndi nyau, ndiye malangizo a akulu aja agwirenso ntchito.

Musanapange makope ambiri, sindikizani atatu okha, mupatse mabanja atatu amene sanakuthandizeni kulemba. Inu muziyenda kumbuyo, pakamwa potseka. Pamene asochera, mapu ndiwo alakwa. Funso limene alidumpha, kapena limene mwana wayankha osadzutsa mutu, lichotseni. Onaninso nthawi: zikapitirira mphindi 40, ana ayamba kulira njala, dulani poima pamodzi. Pansi pa tsamba lomaliza lembani mwezi ndi chaka chimene mwasindikiza, chifukwa oyang'anira amasuntha zinthu, ndipo ulendo wa chaka chamawa usanafike mudzafunika kuwaimbira foni kufunsa ngati chishango chija chidakali pamalo pake.