Anthu a m'Nthano ndi Ife

Nthano imodzi imalowa mosiyana m'mitima ya anthu. Takumbukirani nthano ya chitsime. Kutagwa chilala, nyama zonse zinakumba chitsime, koma Kalulu anakana kukumba nawo. Pambuyo pake ankabwera ndi uchi, nanyengerera alonda, nawamanga, natunga madzi. Potsiriza anagwidwa ndi Kamba.

Ana ena akamva nthanoyi amadziyesa Kalulu. Popeza iwonso ndi aang'ono, amakondwa kuona kanyama kochepa kakupusitsa zinyama zamphamvu. Ena amamvera chisoni alonda aja, chifukwa amadziwa kuwawa kwake kwa kunamizidwa. Palinso ena amene amakhala ngati akuluakulu oweruza mlandu pabwalo. Iwo amafunsa kuti, "Kodi n'chilungamo kumwa madzi a chitsime chimene sunakumbe?"

Zoterezi zimachitikanso powerenga mabuku. M'chaka cha 1933 munatuluka buku lotchedwa Nthondo, lolembedwa ndi mphunzitsi Samuel Josiah Ntara. Nthondo anali mnyamata wakuba ndi wosamvera, koma atakula anasintha, nakhala mfumu ya mudzi. Wowerenga wina amapsa naye mtima. Wina amamudera nkhawa ngati mbale wake, nafulumira kutsegula tsamba lotsatira kuti aone ngati apulumuke. Winanso amaona zolakwa zake zomwe mwa Nthondo, nachita manyazi.

Kalulu ndi Nthondo ndi opeka, koma chisoni, mkwiyo ndi chimwemwe chimene timamva n'zenizeni. Amene timawasirira m'nkhani timayamba kuwatsanzira. N'chifukwa chake wowerenga wanzeru amadzifunsa kuti, "Kodi ndamukonderanji ameneyu?" Tingathe kukonda nzeru za Kalulu popanda kutengera ulesi wake. Tingathenso kuchenjera ndi mavuto a Nthondo tisanagweremo tokha, pakuti akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso
1. Kodi Kalulu ankapeza bwanji madzi?
2. Tchulani njira zitatu zimene ana amamvera nthano ya chitsime.
3. Ndani analemba buku la Nthondo, ndipo linatuluka liti?
4. Kodi mwambi umene uli m'ndime yotsiriza ukutanthauzanji?

Ntchito
Lembani ziganizo zisanu za munthu kapena nyama ya m'nthano imene mumaikonda. Werengerani mnzanu, ndipo mumve ngati akugwirizana nanu.