Ngumbi ndi Nkhungu ndi Ndiwo Zabwino

Anthu a pa dziko lapansi akudya nyama yambiri koposa makolo awo. M'chaka cha 1961 nyama yonse inali matani ngati 70 miliyoni. Tsopano yapitirira matani 300 miliyoni pa chaka. Ng'ombe zifuna busa lalikulu ndi madzi ambiri, koma malo akuchepa popeza anthu achuluka.

Chifukwa cha ichi bungwe la FAO, loyang'anira chakudya ndi ulimi, linafalitsa buku mu 2013 lonena za tizilombo todyedwa. Linati anthu 2 biliyoni amadya kale tizilombo, ndipo mitundu yake ipitirira 1,900. Kuti ng'ombe ionjezere kilogalamu imodzi ifuna makilogalamu 8 a chakudya, koma tizilombo tifuna 2 okha.

Mawu awa angathandize kwambiri anthu a ku Mbenji, m'boma la Salima. Chiyambire zaka za m'ma 1950, mfumu Makanjira imatseka chilumbachi nthawi ya dzinja kuti utaka ndi nsomba zina ziswane. Lamuloli ndi labwino, koma m'miyezi imeneyo ndiwo zisowa m'mbale. Mwana wosowa chakudya chomanga thupi atupa mapazi, ndi tsitsi lake lifiira.

Nthawi yomweyo ya mvula ndiyo imene ngumbi zituluka pa chulu. Ngumbi zili ndi mafuta ndi zomanga thupi monga nyama. Mayi wanzeru azikazinga, azipeta kuchotsa mapiko, ndi kuziyanika padzuwa kufikira zitauma gwa. Zina azisinja ndi kuthira m'phala la mwana, zina azisunga pouma.

Nkhungu nazonso, zimene zikwera pa nyanja ngati utsi, ndi ndiwo zakalekale. David Livingstone anapeza anthu akuzidya pamene anayenda pa nyanjayi mu 1861. Azigwira ndi lichero, aziumba timitanda, ndi kuziumitsa.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Ziwala zogwidwa m'munda wa thonje wopoperedwa mankhwala zisadyedwe, chifukwa zili ndi poizoni. Ndiponso wotentha tchire kapena wodula mtengo pofuna mphalabungu aononga ndiwo za chaka chamawa. Monga nsomba za ku Mbenji, tizilombo tifunanso nthawi yoswana.

Aphunzitsi afotokozere ana a sukulu kuti ngumbi si ndiwo za amphawi, ndipo munthu asachite nazo manyazi pamaso pa alendo.