Phunziro: Malire a applet ya Java pa kompyuta yanu

Ophunzira, applet ndi kapulogalamu ka Java komwe kankabwera limodzi ndi tsamba la pa intaneti n'kuyamba kugwira ntchito mkati mwa browser. Mwini kompyuta sanakalembe, mwinanso sakudziwa amene anakalemba. Funso lathu lero ndi ili: mlendo wotereyu timulole kufika pati?

Kampani ya Sun Microsystems itatulutsa Java mu 1995, inamusiya mlendoyu pakhonde. Malo otsekerawo ankatchedwa sandbox. Applet sinkatha kuwerenga kapena kulemba mafayilo a pa kompyuta yanu, ndipo inkangolankhulana ndi seva imene yachokera. Koma ntchito zina, monga kutumiza fayilo kapena kusindikiza chikalata, zinkafuna kuti ilowe m'nyumba. Mu 1997, Java 1.1 inabweretsa siginecha: applet yosainidwa ndi munthu amene mwamukhulupirira inkatsegulidwira zitseko zonse. Apa mumvetse bwino. Siginecha imakuuzani amene wapanga pulogalamu, sikuuzani ngati pulogalamuyo ndi yabwino.

Java 2 ya mu 1998 ndiyo inabweretsa njira imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri. Zilolezo zinayamba kulembedwa chimodzichimodzi mu fayilo ya java.policy, kapena mu .java.policy ya mu foda ya wogwiritsa ntchito, ndipo panali chida cha policytool chothandiza kulembako. Mumayamba ndi mawu akuti grant, kenako codeBase, kutchula adiresi imene applet ikuchokera. Mkati mwake mumatchula chilolezo. FilePermission imafuna foda kapena fayilo, ndiponso chochita: read, write, delete kapena execute. SocketPermission imatchula makina amene applet ingalumikizane nawo. Ngati applet ikungofuna kuwerenga malisiti a mu foda imodzi, ipatseni read pa foda imodziyo basi.

Samalani ndi tizizindikiro. Kanyenyezi (*) kumapeto kwa dzina la foda kamatanthauza mafayilo a mu foda yomweyo, pamene kamzere (-) kamatsegula mafoda onse a mkati mwake mpaka pansi. Cholakwa chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi cha munthu amene watopa ndi mauthenga okana, n'kulemba AllPermission popanda codeBase. Applet yake imagwiradi ntchito, inde, koma pamenepo wapereka makiyi a nyumba kwa applet iliyonse ya tsamba lililonse limene angatsegule.

Oracle, imene inagula Sun mu 2010, inamanga lamba mu Januwale 2014 ndi Java 7 Update 51. Applet yopanda siginecha yovomerezeka inayamba kutsekeredwa, ndipo wopanga anayenera kulemba mu fayilo ya applet yotchedwa manifest ngati akufuna sandbox kapena all-permissions. Wofuna kulola tsamba lakale ankalilemba mu Exception Site List ya pa Java Control Panel.

Kenako ma browser anatsekera applet khomo: Chrome mu 2015, Firefox mu 2017, ndipo Java 11 ya mu 2018 inabwera yopanda plugin ya applet. Komabe mukadzayamba ntchito mungadzakumane ndi makina akale amene amayendetsedwa kudzera pa applet. Zikadzatero, patulani kompyuta imodzi ya ntchito yokhayo, yosatsegulirapo masamba ena, ndipo pa mndandanda uja wa Exception Site List lembanipo adiresi ya makinawo yokha.