KUTHYOLA KAYIMBE WA SPANSPEK PA NTHAWI YAKE: Phunziro la Alangizi a m'Matauni a Migodi ku Midlands

Chiyambi

M'matauni a Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe ndi Redcliff m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ena kudzera mwa Mthandizi, kudzagwira ntchito m'migodi. Boma litatenga ulamuliro wa mgodi wa Shabanie mu 2004 ntchito inanka nichepa, ndipo mu 2008 fakitale ya Ziscosteel ku Redcliff inaleka kusungunula zitsulo. Kuyambira pamenepo mabanja ochuluka anayamba kudalira madimba. Mbeu imodzi imene ingawapindulire ndi kayimbe wa khungu la ukonde ndi mnofu wofiirira, amene m'misika ya ku Zimbabwe amatchedwa spanspek, ndipo maiko ena amati cantaloupe.

Msika ulipo, makamaka pa kutha kwa mwezi pamene ogwira ntchito ku migodi ya Mimosa ndi Unki alandira malipiro. Chimene chimauononga ndi kuthyola msanga. Munthu amene wagula chipatso chosukuluka sabwereranso, ndipo amauza anzake. Cholinga cha phunziroli ndi chakuti mlangizi athe kuphunzitsa alimi kuzindikira tsiku loyenera kuthyola, ndi kusamala chipatso kufikira chitadyedwa.

Chifukwa chake kuthyola msanga kumataya ndalama

Alimi anazolowera nthochi ndi mango, zimene zimatseketsera ngakhale zitathyoledwa zosapsa. Zipatso zimenezi zili ndi ufa m'kati umene umasanduka shuga zikafundikidwa. Spanspek alibe nkhokwe yotere. Shuga wake amapangidwa m'masamba ndipo amalowa m'chipatso kudzera pa kamchira, makamaka m'masiku omaliza. Chipatso chikachoka pa nthambi, chimatha kufewa, kusintha mtundu ndi kununkhira, koma shuga saonjezeka ngakhale pang'ono. Wogula amakopeka ndi maonekedwe, kunyumba akapeza kuti n'chikomekome cha mkuyu.

Mlangizi afotokoze mfundo imeneyi poyamba, pakuti mlimi amene waimvetsa safunanso kukakamizidwa pa zotsalazo.

Nyengo yake

Mbeuyi imakonda dzuwa ndi kutentha, ndipo imafa ndi chisanu chimene chimagwa ku Midlands mu June ndi July. Kubzala kuchitike chisanu chikatha, mu August kapena September, m'dimba lothirira. Mitundu monga Hale's Best imatenga masiku 80 mpaka 90 chibzalire, chomwecho kukolola kumagwa mu November ndi kumayambiriro kwa December, mvula isanakhazikike. Mvula yambiri imasukulutsa zipatso, imazing'ambula, ndipo imachulukitsa matenda a masamba.

Kuchokera pamene duwa lachikazi lalandira mungu, chipatso chimapsa pakapita masiku 35 mpaka 45. Mungu umanyamulidwa ndi njuchi, motero mankhwala asapoperedwe m'mawa maluwa ali otseguka. Masamba atetezedwe ku nthenda yonga ufa woyera, chifukwa munda wothothoka masamba subereka zipatso zozuna. Patatsala sabata imodzi kuti kukolola kuyambe, mlimi achepetse madzi, koma osafika pofotetsa mbeu.

Zizindikiro za kupsa

1. *Kamchira.* Ichi ndicho chizindikiro chodalirika koposa. Chipatso chikayandikira kupsa, pamene kamchira kalumikizana ndi chipatso pamachita mng'alu wozungulira. Mng'aluwo ukazungulira ponse, kukankha pang'ono ndi chala chachikulu kumachotsa chipatso, ndipo pamatsala kadzenje kosalala. Chipatso chofuna mpeni kapena kupotokola sichinapse.
2. *Ukonde.* Mizere ya pa khungu ikhale yotukuka, yokhakhala, ndi yokwanira chipatso chonse.
3. *Mtundu.* Khungu la m'mipata ya ukonde limachoka pobiriwira kunka ku chikasu chotuwa.
4. *Fungo.* Kumbali imene kunali duwa kumanunkhira ndipo kumafewa pang'ono.

Mlangizi amene ali ndi chipangizo choyezera shuga chotchedwa refractometer aonetse alimi kusiyana kwake. Madzi a chipatso chabwino amakhala ndi shuga magawo 10 pa 100 alionse kapena kuposerapo. Popanda chipangizo, adule zipatso ziwiri, chothyoledwa ndi mpeni ndi chochoka chokha, alimi alawe. Phunziro la pakamwa siliiwalika.

Kathyoledwe

Zipatso sizipsa tsiku limodzi. Mlimi ayendere munda tsiku lililonse m'mamawa, mame atauma koma dzuwa lisanakwere, ndipo athyole zokhazo zimene zafika. Za msika wapafupi zithyoledwe mng'alu utazungulira ponse, ndipo zigulitsidwe m'masiku awiri kapena atatu. Zopita kutali monga ku Bulawayo kapena ku Harare zingathyoledwe mng'alu utafika theka kapena kupitirira pang'ono, koma osati usanaoneke.

Zipatso zisaponyedwe kapena kuthiridwa m'matumba. Ziikidwe pa mthunzi nthawi yomweyo, m'madengu kapena m'makireti oyalidwa udzu wouma, zosapitirira mizere iwiri kapena itatu. Pamene pali chipinda chozizira, zimasungika pafupifupi masabata awiri pa madigiri 2 mpaka 5. Zoboledwa ndi ntchentche ya zipatso zikwiriridwe mozama kuti mphutsi zisabwerere m'munda.

Alimi ambiri amathyola msanga poopa akuba kapena posowa ndalama ya mwamsanga. Mlangizi asanyalanyaze zifukwa zimenezi. Alimi oyandikana angagwirizane zolondera mosinthana m'masabata atatu okolola, ndiponso kubzala m'zigawo zosiyana masiku 10 mpaka 14 kuti ndalama izilowa pang'onopang'ono.

Ukhondo

Spanspek amagona pa dothi, ndipo ukonde wa khungu lake umasunga tizilombo timene mpeni umalowetsa m'kati podula. Mu 2011 ku America anthu 147 anadwala ndipo 33 anamwalira ndi tizilombo ta Listeria atadya zipatso zimenezi zochokera ku munda umodzi wa ku Colorado. Ku Zimbabwe kolera wa 2008 ndi 2009 anapha anthu oposa 4,000. M'madera a migodi mulinso vuto lina: madzi a m'maenje akale ndi a m'mitsinje imene okumba golide amatsukiramo ndi mercury kapena cyanide. Madzi otere, pamodzi ndi a m'masuweji, asagwiritsidwe ntchito pothirira kapena potsuka zipatso.

Wogulitsa agulitse chipatso chathunthu. Zidutswa zodulidwa zokhala pa dzuwa zimaswanitsa tizilombo msanga. Kunyumba, khungu likwechedwe ndi madzi aukhondo chipatso chisanadulidwe, mpeni ndi manja zikhale zotsuka, ndipo chodulidwa chidyedwe pasanathe maola awiri ngati palibe firiji.

Kuthandiza wogula

Wogulitsa aphunzitse wogula kusankha: chipatso cholemera m'manja, cha kadzenje kosalala kopanda chotsalira cha kamchira, chonunkhira, chopanda malo ofewa kapena nkhungu. Amuuzenso kuti mnofu wofiirirawo uli ndi mavitamini A ndi C, oyenera ana ndi amayi, ndipo umadyedwa wauwisi popanda kuthira shuga. Wogula amene waphunzira kusankha amafunafuna mlimi amene amadikira, ndipo mtengo wa mlimiyo sutsika.

Mafunso okambirana ndi alimi

1. N'chifukwa chiyani nthochi imazuna ikafundikidwa koma spanspek ayi?
2. Kodi madzi othirira dimba lino amachokera kuti, ndipo amadutsa pati?
3. Ndi masiku ati a mwezi amene msika umatentha, ndipo kubzala kuyambe liti kuti zipatso zipse pa masiku amenewo?