Makalata anu: kodi karate ingandipulumutse usiku pa M5?

WOULUTSA: Lero tili ndi mphunzitsi wa masewera odziteteza. Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa kabaza wa pa Golomoti. Akuti: "Ndimayenda usiku ndi njinga yamoto mumsewu wa M5. Ndikufuna kuphunzira karate kuti akuba ndiziwaphwasula ngati Jet Li. Ndiyambire pati?"

MPHUNZITSI: Achimwene, mu vidiyo sho adani a Jet Li amabwera mmodzimmodzi, kudikirana. Pamsewu amabwera atatu, wina ali ndi chikwanje, winayo mwamukweza kale nokha kuti ndi kasitomala. Nchifukwa chake ine tsiku loyamba sindiphunzitsa chibakera, ndimaphunzitsa kugwa. Chibwano pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, kenako kudzuka msanga maso ali kwa mdani. Chachiwiri nkudzimasula. Munthu akakugwirani pamkono musalimbane naye kukokana, potozani mkonowo kulowera kumene kuli chala chake chachikulu, pamenepo sangagwiritse. Mukafika poti mumenye, menyani ndi tsinde la chikhatho pamphuno kapena pachibwano. Chibakera cha munthu wosazolowera chimathyoka mafupa chikagunda mutu. Zonsezi nzoti mupeze kampata kothawira basi. Koma akatulutsa chikwanje, mupatseni makiyi. Palibe lamba wakuda amene amatchinga chikwanje. Ndipo kasitomala wosamudziwa wofuna kukatsikira kutchire usiku, mukaneni muli pa siteji pomwepo, anzanu akuona.

WOULUTSA: Iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Mua. Akuti: "Mwana wanga wamkazi ali sitandade 7, amayenda mtunda kudzera m'minda popita kusukulu. Ndikufuna aphunzire kudziteteza koma bambo ake akuti mtsikana wophunzira ndewu amasanduka wamwano."

MPHUNZITSI: Mayi, bambowo akhale pafupi ndi wailesi. Nkhaniyi inayesedwa kale m'boma lathu lino la Dedza. Bungwe la Ujamaa Pamodzi linabweretsa maphunziro otchedwa IMpower, amene anayambira ku Nairobi, m'sukulu za ku Lilongwe, Dedza ndi Salima. Atsikana ankaphunzira maola 12 okha, m'masabata 6. Akatswiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins anachita kafukufuku m'sukulu 141, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Pakati pa atsikana amene anaphunzira, onena kuti anagwiriridwa m'chaka chapitacho anatsika kuchoka pa 15 kufika pa 9 mwa 100 alionse. M'sukulu zimene sizinalandire maphunzirowa chiwerengerocho sichinatsike.

Tsono mbali yaikulu ya maphunziro ngati amenewa si mateche ayi, ndi mawu. Ife atsikana athu timawalera kuti wamkulu akamalankhula agwade, maso pansi, ayankhe motsitsa. Nzabwino pakhomo, koma wogwirira amadalira ulemu womwewo. Ndipo nthawi zambiri sakhala mlendo wobisala m'chimanga. Amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa, chibwenzi, woyandikana naye nyumba, nthawi zina wachibale. M'kalasi timawaimika pamzere, phazi limodzi kumbuyo, manja kutsogolo zikhatho zotambasula, nkuwauza kuti akuwe "Ayi! Ndisiye!" Poyamba amaseka, ena kubisa nkhope m'manja, mawu kumveka ngati a mwana wa mphaka. Pofika sabata yachitatu, aphunzitsi a kalasi yoyandikana amabwera kudzadandaula phokoso. Amaphunziranso kuti kunama kuti upulumuke nkololedwa: "Bambo anga akubwera kumbuyoku." Zamanja zimabwera pomaliza, bondo pakati pa miyendo, zala m'maso, chidendene paphazi, kenako liwiro kukauza munthu wamkulu. Umenewo si mwano, bambo. Dera lino ndi kwawo kwa Inkosi Theresa Kachindamoto, amene dziko lonse linawadziwa chifukwa chothetsa maukwati a ana nkuwabwezera kusukulu. Anawo abwerere kusukuluko akudziwa kukana.

WOULUTSA: Mnyamata wina akufunsa ngati angakaphunzire nawo kusukulu ya apolisi ya pa Mtakataka pano.

MPHUNZITSI: Imeneyo ndi ya olembedwa ntchito ya upolisi, aphwanga. Sonkhanani ndi anzanu, mupemphe bwalo la sukulu kapena holo ya tchalitchi, mupeze mphunzitsi. Koma akamakuuzani kuti pakatha mwezi muzigwetsa anthu asanu, kapena akamakutemerani mphini, tengani ndalama zanu muzipita.

WOULUTSA: Yomaliza ndi ya bambo wina amene akuti iwo ndi Mngoni, chibonga chili kuseri kwa chitseko. Akufunsa: "Wakuba mbuzi ndikamupeza m'khola usiku nkumukhoma nacho, ndili ndi mlandu?"

MPHUNZITSI: Bambo, malamulo amakulolani kudziteteza inu, banja lanu ndi katundu wanu, koma ndi mphamvu yolingana ndi choopsacho. Akakulumphirani ndi mpeni, tchingani ndi kumenya kuti asiye. Akataya mbuzi nkuyamba kuthawa, kapena mwamugwira kale ali pansi, chibonga chilichonse chimene mungawonjezere ndi mlandu wanu, ndipo akafa mudzayankha mlandu wakupha. Kuwani, mudzi udzuke, mumangeni, itanani apolisi a m'mudzi apite naye kupolisi.

Ndibwerere pang'ono kwa mayi a ku Mua aja. Mwana akachitidwa chipongwe ngakhale anaphunzira zonsezi, wolakwa si iye. Musamusambitse, musachape zovala zake, musakambe zolipitsana kwa amfumu. Thamangirani naye kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV, ndipo mukanene ku Victim Support Unit kupolisi. Nambala yothandiza ana ndi 116, kuimba nkwaulere.