Chamba Cholimidwa M'chipinda ndi Ngozi ya Magetsi: Uthenga kwa Mabanja a ku Joni

Kapepala aka talembera mabanja olankhula Chichewa amene ali ku South Africa, makamaka inu amene mukuchita lendi m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni, ndi inu amene mumagwira ntchito za m'munda kapena za m'nyumba m'makomo mwa mabwana. Sitikuphunzitsa kulima chamba, ndipo sitikulimbikitsa kusuta. Nkhani yathu ndi ya moto ndi magetsi, chifukwa chipinda cholimiramo chamba chikayaka, amene amapsa si mwini mbewuzo yekha. Amene wagona kuseri kwa khomalo naye amapsera limodzi.

Lamulo lili pati

Mu Sepitembala 2018, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti munthu wamkulu sapalamula akadzala kapena kusuta chamba, chomwe kuno amati dagga, pamalo pake, bola chikhale chogwiritsa ntchito iye mwini. Mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo la Cannabis for Private Purposes Act. Kugulitsa kudakali mlandu, kupatsa mwana ndi mlandunso. Kwathu ku Malawi zinthu n'zosiyana: lamulo la 2020 limalola okhawo amene ali ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, ndipo kudzala pakhomo popanda chiphasocho kumamangitsa. Kuwoloka nacho malire pa Beitbridge, pa Mwanza kapena pa Dedza kumamangitsanso.

Kuyambira nthawi ya chigamulocho, anthu ena anasandutsa galaja, bafa, ngakhale wodilopu kukhala munda. Mungazindikire ndi tenti yakuda ya zipi, yonyezimira mkati, kuwala kwachikasu kapena kwapepo kotulukira pansi pa chitseko pakati pa usiku, fani yolira osapuma, ndi mawindo omatidwa. Kalimidwe kotere kamayenera mayiko ozizira, kumene dzuwa ndi losowa. Kuno kumene dzuwa limawomba mpaka kutopetsa, n'zodabwitsa kuona munthu akuligula pa mita, koma poti zikuchitika, tiyeni tidziwe pamene pagona ngozi.

Waya wa m'khoma uli ndi malire ake

Magetsi a m'nyumba kuno ndi a mavoti 230. Soketi ya pakhoma, ya pulagi ya mano atatu obulungira ija, inapangidwa kuti inyamule ma amp 16, kutanthauza mawati pafupifupi 3,600. Nthawi zambiri masoketi angapo amakhala pa waya umodzi, wotetezedwa ndi breaker imodzi ya ma amp 20 pa DB board, bokosi la maswichi lija. Waya wonsewo ungasenze mawati 4,600, basi.

Tsopano werengani nafe. Mababu awiri a mawati 600 ndi mawati 1,200. Nthawi yozizira mwini mbewu amaikamo hita ya mawati 2,000. Onjezani mafani ndi makina ochotsa chinyezi, mwadutsa kale 3,500. Ndiye m'mawa mayi wa chipinda cha kuseri, amene magetsi ake amachokera pa waya womwewo, akutereka ketulo ya mawati 2,000 kuti ana amwe tiyi asanapite kusukulu. Zonse pamodzi zapitirira 5,500. Breaker ithima, ndipo ikatero yagwira bwino ntchito yake. Vuto limayamba pamene wina watopa ndi kuthimathimako, n'kuimata ndi tepi, kapena kuitana mnzake wodziwako pang'ono kuti aike ina yaikulu. Waya wa m'khoma sunasinthe, ndi womwe uja. Umangotentha m'siling'i, mmene palibe akuuona, mpaka pulasitiki yake itasungunuka.

Chinanso chimene ambiri sachiganizira ndi kutalika kwa nthawi. Ketulo imayaka mphindi zitatu n'kuzima, waya n'kuzizira. Mababu a mbewu amayaka maola 12 mpaka 18 tsiku lililonse, kwa miyezi. Pulagi yokhwepa pang'ono, kapena sikuluu yosamangitsa mkati mwa soketi, zomwe pa ketulo sizikanavuta, apa zimatentha usiku wonse.

Koma chigawenga chenicheni m'mayadi ambiri ndi ekisitenshoni. Breaker ili ngati mlonda wa pageti: imaona kuchuluka kwa magetsi otuluka pa bokosi, koma sidziwa kuti kutsogolo akudutsa m'kawaya kotani. Ekisitenshoni yotchipa, ya waya wopyapyala, ikhoza kufewa, kununkha, mpaka kuyaka pomwe magetsi odutsamo sanafike n'komwe pa ma amp 20, ndipo breaker sithima. Ikakhala yokulungidwa pa gudumu lake imatentha msanga kwambiri, chifukwa kutentha kumasowa kothawira. N'chimodzimodzi ikadutsa pansi pa kapeti kapena matiresi, kapena ikapanidwa ndi chitseko. Multiplug yolumikizidwa pa multiplug inzake siwonjezera mphamvu. Zonsezo zikukoka pa soketi imodzi ija.

Pali kachipangizo kena kotchedwa tayima, koyatsa ndi kuzimitsa mababu pa nthawi yake. Totchipa tambiri tinapangidwira nyale ya patebulo. Mababu akuluakulu a mtundu wa HPS amayendera bokosi lolemera lotchedwa ballast, lomwe limakoka magetsi mwamphamvu poyamba kuyaka, ndipo tizitsulo ta m'kati mwa tayima timapsa kapena kumatirirana. Katswiri wa zamagetsi amaikapo contactor kuti isenze katunduyo. Ballast nayo imatentha. Malo ake si pa kapeti, pa katoni kapena pansi pamene madzi angafike.

Zizindikiro zoti musazengereze nazo ndi izi: pulagi yotentha mukaikhudza, soketi yoderako kapena yakuda m'mphepete, fungo la pulasitiki yopsa lomwe ena amalifanizira ndi la nsomba, kulira kwa *tsss* m'khoma, nyale zophethira hita ikayaka, ndi breaker yothima kawirikawiri. Mukaona chimodzi mwa izi, thimitsani pa DB board kenako uzani mwini nyumba tsiku lomwelo.

Madzi ali pompo

Mbewu zimafuna kuthirira, ndiye kuti madzi ndi magetsi zili m'chipinda chimodzi. Chokutetezani pamenepa ndi earth leakage, swichi ya pa DB board yokhala ndi kabatani kolembedwa T kapena TEST. Imathimitsa magetsi ikangoona kuti ma milliamp 30 akuthawira kwina, mwina kudzera m'thupi la munthu. Dinani kabataniko miyezi ingapo iliyonse. Magetsi akazima, ili moyo. Akapanda kuzima, nyumbayo ilibe chitetezo, ndipo pakufunika katswiri. M'zipinda za chinyezi earth leakage imathimathima, ndiye ena amaichotsa kuti mababu asamazime. Kutero n'kuika moyo wa aliyense wa pa yadipo pa chiswe.

Inu amene abwana amakusiyirani makiyi kuti muzithirira iwo akachoka, musanavomere apempheni akuonetseni pamene pali DB board ndi swichi ya chipindacho. Si mwano kunena kuti, "Bwana, ndionetseni pothimitsira magetsi ndisanayambe." Thimitsani kaye pakhoma, dikirani mababu azizire, ndiye thirirani. Babu la HPS limatentha kwambiri moti dontho la madzi ozizira likhoza kuliphulitsa, ndipo mkati mwake muli mercury, yemwe ndi poizoni. Likasweka, tsegulani mawindo, tulukani kwa kanthawi, ndipo zidutswazo musatole ndi manja. Valani nsapato za labala, manja akhale ouma, ndipo musayang'anitsitse mababu akuyaka chifukwa amawononga maso. Mukapeza madzi pansi, mawaya ali momwemo, musaponde, bwererani mukathimitse. Mapulagi onse azikhala m'mwamba, ndipo waya uzitsika pang'ono usanakwere kulowa m'soketi, kuti dontho loyenderera pa waya ligwere pansi.

Mababu a LED satentha ngati a HPS, ndipo amadya magetsi ochepa. Ngozi ya madzi, ya ekisitenshoni ndi ya hita imakhalapobe.

Mayunitsi ndi izinyoka

Babu limodzi la mawati 600 likayaka maola 18 limadya mayunitsi pafupifupi 11 patsiku, oposa 300 pamwezi. Ngati pa yadi panu mumasonkherana pa mita imodzi, n'kuona mayunitsi akutha ngati akubedwa, funsani. Ndalama imeneyi ndi imene imakopa ena kulambalala mita, kapena kuitana anthu okoka magetsi mwakuba, amene kuno amawatchula izinyoka. Kuba magetsi a Eskom, a City Power kapena a khonsolo ndi mlandu, koma pa zaumoyo choopsa n'chakuti waya wolambalala nthawi zambiri sudutsa pa breaker kapena pa earth leakage. Mukhoza kuthimitsa DB board yonse, waya uja udakali ndi moto. Mwana wogwira mpanda wa waya kapena lata la khoma, ngakhalenso ozimitsa moto akabwera, amagwidwa ndi waya wotere.

Ntchito iliyonse yowonjezera mawaya iyenera kugwiridwa ndi katswiri wolembetsedwa ku Department of Employment and Labour, amene amapereka chikalata chotchedwa CoC chotsimikiza kuti zonse zili motsatira malamulo. Chipinda cholimiramo chimafunika waya wakewake kuchokera pa DB board. Alandilodi akakhala kuti ndiwo eni mbewu, inu ochita lendi mugwirizane mukalankhule nawo pamodzi, masana, mwaulemu, mutatchula zimene mwaona: pulagi yakuda ija, breaker yomatidwa ija. Amene mukufuna kudzala m'nyumba ya lendi, dziwani kuti mulibe ufulu wosintha mawaya a eni.

Magetsi akazima nthawi ya load shedding, zimitsani mababu ndi hita pakhoma, chifukwa akabwera zonse zimadzuka kamodzi. Jenereta izikhala panja, kutali ndi mawindo. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweyawu sununkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo.

Mpweya wa m'nyumba, ndi ana

Chinyezi cha m'chipinda chotere chimabala chuku chakuda m'makoma ndi m'siling'i. Mwana wa mphumu, nkhalamba, kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka, amayamba kutsokomola ndi kubanika. Mpweya wochokera mu tenti uzitulukira panja, ndipo pasapezeke munthu wogona m'chipinda cha mbewu, ngakhale malo atachepa bwanji.

Ena amayenga mafuta a chamba ndi gasi wa butane, wa m'tizitini tothirira malayitala. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amayala pansi, ndipo kamoto kakang'ono ka mu firiji kapena mu swichi kamakwanira kuphulitsa chipinda. Mukamva fungo la gasi, musakhudze swichi iliyonse, musayatse machesi, tulutsani anthu.

Chipindacho chizikhala chokiya. Feteleza wamadzi ndi mankhwala ophera tizilombo asathiridwe m'mabotolo a zakumwa. Mabisiketi, makeke ndi maswiti osakaniza chamba ndi msampha kwa mwana, chifukwa amaoneka ngati ena onse. Mwana akadya amaodzera modabwitsa, amadzandira, mwina kupuma kumachepa, ndipo zizindikirozi zikhoza kuchedwa ola limodzi kapena awiri. Musamusanzitse. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula chimene wadyacho, ndipo anamwino auzeni zoona. Manyazi anu angachedwetse chithandizo. Nambala ya Poisons Information Helpline ndi 0861 555 777, usana ndi usiku. Dziwaninso kuti ubongo wa wachinyamata umakhala ukukulabe mpaka zaka za m'ma 20, ndipo kuyamba kusuta msanga kumawonjezera chiopsezo cha matenda a maganizo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasute, asakhalenso mu utsi wake.

Zikavuta

Gulani alamu ya utsi ya batire, muiike panja pa chitseko cha chipindacho ndi kumene mumagona. Chozimitsira moto chikhale cha ufa, cholembedwa DCP, ndipo chizikhala pafupi ndi khomo lotulukira. Zitseko za mabagala zimatsekera anthu m'moto, choncho kiyi azikhala pamalo amodzi odziwika kwa aliyense, ndi ana omwe.

Moto wa magetsi sathira madzi. Thimitsani pa DB board ngati mungafikepo bwinobwino. Moto ukaposa msinkhu wa m'chiuno, kapena utsi ukadzaza, usiyeni: tsekani chitseko, dzutsani anansi, tulukani chokwawa, ndipo musabwerere kukatenga pasipoti kapena ndalama. Imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena 10177. Auzeni ozimitsa moto ngati muli mabatire, masilinda a gasi kapena waya wolambalala mita.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamugwire ndi manja. Thimitsani kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma mutaponda pouma. Ngati sakupuma, imbani foni ndipo yambani kumupsinja pakati pa chifuwa mwamphamvu ndi mofulumira mpaka ambulansi ifike. Pamene wapsa thirani madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta kapena dothi. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa magetsi amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kuwotcha mnofu wa mkati pomwe kunja kukungooneka kachilonda kakang'ono. Amene mapepala anu sali bwino musabise wovulala m'nyumba: gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo cha mwadzidzidzi.